Kachotupa ka pa Mlomo wa a Lipenga

Kunyumba kwa a Lipenga kunalibe wofuna tambala. Kukangocha ankaima pakhonde n'kupopera mpweya m'lipenga lawo, anansi n'kudzuka akutukwana chamumtima. Mwezi umenewo anawonjeza moto, popeza mwana wawo wamkazi ankakwatiwa, ndipo anali atamulonjeza kuti nyimbo yolowera muholo adzaiimba bambo ake, osati wina.

Kenako mkati mwa mlomo wa m'munsi munamera kachotupa kofewa, kobiriwira, ngati nsawawa. Sikankapweteka, koma lipenga linayamba kulira ngati mbuzi yachimfine. Akazi awo anawakokera kwa dokotala wa mano. Iye anakasinika pang'ono n'kunena kuti maso okha sangadziwe: mwina ndi kathumba ka malovu, mwina ndi mitsempha ya magazi yopiringizana. Anati apite ku sikani akaone zamkati, ndipo mpeni usafikepo kaye.

A Lipenga anakafika pakhomo la chipinda cha sikani, n'kupeza benchi yadzaza amayi oyembekezera. Anatembenukira pomwepo.

"Ine ndi ndevu zangazi ndikakhale pamenepo? Anzanga a m'bandi akamva adzandigulira matewera."

"Bambo a mwana, makina sasankha ndevu," anatero akazi awo.

Sanamve. Amuna ena benchi ya amayi amaiona ngati yonyozetsa, ngati iwo anachita kugwa kumwamba ndi mvula. Kunyumba anapeza mlamu wawo wokonza matayala, yemwe anaunika m'kamwamo ndi tochi ya pafoni n'kugamula kuti chotupa chilichonse n'chimodzimodzi ndi chubu: ukaboola chimaphwa. Mawu amenewa anawakomera a Lipenga kuposa a dokotala.

Iwo eni anatenga lezala, anaima pagalasi, n'kudzicheka. Malovu sanatuluke. Magazi anathamanga ngati mpopi wothyoka, thaulo n'kufiira, mlamu uja n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya shopu yosatseka. Kuchipatala anawasoka mlomo, n'kuwauza kuti bala likauma abwerenso ku sikani komweko.

Ulendo uno anakhala pabenchi, mlomo uli ndundundu. Mayi wina anawasunthira malo mwaulemu, n'kufunsa:

"Inu yanu ndi ya miyezi ingati, bambo?"

Benchi yonse inagwa nacho chiseko. A Lipenga anafuna kuyankha, koma ulusi unawakaniza.

Mkatimo anawapaka mafuta ozizira pamlomo, n'kuyendetsapo kachipangizo kosaposa chala. Pakanema panaoneka timizere tofiira ndi tabuluu tikuphethira. Wojambulayo anawalozera kuti imeneyo ndi mitsempha, ndipo magazi akuyendamo. Dokotala anawonjeza kuti akanabwera poyamba paja, akanangowabaya mankhwala oti kachotupako kafote, mwina n'kupola ukwati usanafike. Tsopano lipenga liyambe lapuma mpaka mlomo ugwirane.

"Zonsezi mwaziona osandicheka?" anafunsa movutikira.

"Wocheka munali inu, bambo," anayankha dokotala.

Tsiku la ukwati nyimbo yolowera inaimbidwa ndi mnzawo wa m'bandi, yemwe a Lipenga ankamunena kuti amaliza lipenga ngati akuitana ng'ombe. Mkwatibwi podutsa anawatsinzinira diso bambo ake, n'kuwanong'oneza kuti asadandaule, adzaimba pobadwa mdzukulu, popeza benchi akuidziwa kale. Iwo anaseka ndi mbali imodzi ya kamwa, zala zikudina mabatani a lipenga losaoneka pabondo.

Akulu sananame: samva adamva nkhwangwa ili m'mutu.