Kafulu ka Tinyade

Panali munthu wina woumba njerwa, amene anakwatira kutsidya la mtsinje nakhala pachikamwini. Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi, dzina lake Tinyade. Mwanayo ankalondola bambo ake kulikonse, ngakhale kudambo kumene ankaponda dothi.

Tsiku lina, mvula yoyamba itangogwa, Tinyade anatola kamwana ka fulu m'mphepete mwa munda. Kanali kakang'ono ngati dzira la nkhuku, chigoba chake chikadali chofewa. Nthawiyo mwanayo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, dzino lapatsogolo litangoguluka.

Koma m'nyumbamo munali mutalowa kale mphepo. Mwezi usanathe ankhoswe anakhala pansi, nkhani inakanika, banja linatha. Mukudziwa mmene zimakhalira: mwana ndi wa kuchikazi, mkamwini amanyamula bulangete ndi khasu lake basi. Munthu uja akutuluka m'mudzimo, Tinyade anamuthamangira, atafumbata kafulu ndi manja awiri.

"Ababa, amalume akuti akakataya kutchire. Mukandisungire."

"Ndikakusungira, mwana wanga."

"Mudzabwera nako liti?"

Munthu uja anavula chipewa chake cha mlaza, naikamo kafulu, nati, "Kakadzakula n'kudzaza chipewachi, ndidzabwera nako."

Atafika kwawo, nyumba yake isanafoleredwe n'komwe, anayamba ndi khola la kafulu. Anasankha malo kuseri kwa nyumba, pamene dzuwa la m'mawa limafika koma la masana limatchingidwa ndi mtengo wa papaya. Anayala njerwa mizere itatu, mzere woyamba n'kuukwirira pansi, poti fulu amakumba. M'katimo anathiramo mchenga ndi masamba ouma, navundikira chibenthu cha mphika kuti kazibisalamo. Madzi ankathira m'phale losaya kuti kasamire. Pamwamba anatchinga ndi waya wa nkhuku, kuopa akhwangwala ndi makoswe, ndipo kunja konse anawaza phulusa kuti linthumbu lisalowe.

Anadziwa zimene kamakonda: bonongwe wanthete, chisoso, maluwa a dzungu. Anadziwa zimene kamakana. Zikamba za mazira ankazipera n'kuwaza pamasamba kuti chigoba chilimbe. Anzake anamuuza kuti aboole chigobacho n'kumangapo chingwe, monga amachitira ena, kuti asamavutike ndi njerwa. Iye anati, "Si kanga aka. Mwini wake adzandifunsa za bowolo."

Nyengo yozizira itafika kafulu kanalowa pansi pa chibenthu, n'kusiya kudya. Munthu uja nayenso chakudya sichinamulowe masiku atatu. Kanatuluka dzuwa litatentha, ndipo iye analira ngati mwana, anthu n'kumamuseka.

Chaka chilichonse, mvula yoyamba ikagwa, ankatenga kafulu n'kukaika m'chipewa. Malo ankatsala ambiri. Ndiye ankapumira m'mwamba, n'kukabwezera m'khola.

Ankamusowa mwana wake, ndipo kumusowako kunkamudya. Akamva ana akusewera kutsidya, ankaleka kuponda dothi n'kutchera khutu, mwina amva mawu a Tinyade. Pamsika anagula kadiresi kofiira, kamsinkhu wa mwana amene anamusiya, nakasunga m'sutikesi. Akayang'ana kafulu n'kuona kuti kakadali kakang'ono, mumtima mwake mwananso anali akadali wamng'ono, ndi mpata wake wa dzino uja.

Mlongo wake anamufunsa tsiku lina, "Achimwene, kodi mtsinjewu uli ndi ng'ona? Bwanji osangopita kukamuona mwanayo?"

"Ndinalonjeza za chipewa," anayankha. "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Kudekha kwake kuti? Anali mantha amenewo. Ankaopa maso a alamu ake. Ankaopa kukapeza mwamuna wina atakhala pakhonde limene iye anamanga ndi njerwa zake. Ndipo ndikuuzeni, chipewa chija chitang'ambika anakagula china, n'kusankha chokulirapo.

Zinapita zaka khumi ndi zisanu. Khola analikuza kawiri. Ndiye mvula ina itagwa, anatenga fulu uja kuti amuike m'chipewa, koma fulu sanalowe. Anayesa cham'mbali, osatheka. Chonamizira chinathera pomwepo. M'mawa mwake anasamba, naika fulu m'dengu, kadiresi kaja n'kukapinda m'thumba la jekete, nawoloka mtsinje. Madzi ankalekeza m'mawondo.

Alamu amene ankawaopa anali atamwalira kalekale. Anthu anamulozera nyumba ina yatsopano. Pakhomopo anapeza mayi akupeta chimanga, kamwana kazaka zitatu katamugwira chitenje. Mayiyo anamuyalira mphasa, nagwada chapatali, namulonjera monga alonjerera mlendo aliyense. Mano ake anali onse.

Munthu uja anavundukula dengu. "Tinyade, ndabwera naye. Wadzaza chipewa. Uchione chigoba chakecho, palibe ndi bowo lomwe."

Tinyade anayang'ana fulu, kenako anayang'ana bambo ake nthawi yaitali. Sanakalipe.

"Mwamusamala bwino," anatero. "Ine fuluyu ndinamuiwala chaka chomwecho. Amene ndinkadikira padooko paja, mvula iliyonse ikagwa, ndinu. Ndinasiya nditatha msinkhu."

Kamwana kaja kanasendera, n'kugwira chigoba ndi chala chimodzi. "Amayi, awa ndani?"

Munthu uja anagwira thumba la jekete, nadikira. Tinyade anati, "Ndi eni ake a fuluyu."

Kadiresi kaja sikanatuluke m'thumba.

Tsono inu amene mukundimva, musamuseke munthuyu. Sanali wouma mtima. Chikondi anali nacho chambiri, koma anachithira chonse m'khola la njerwa kuseri kwa nyumba, kumene sichikanamuchititsa manyazi. Ankadziwa masamba amene fulu amakonda, osadziwa kuti mwana wake wagona ndi njala kapena wadya.

Ambiri pano muli ndi wina kutsidya: mwana, mayi, m'bale amene munasiyana naye mawu ali pakamwa. Mumamusowa, ndikudziwa. Koma muli ndi chipewa chanu. Mukuti mudzapita mukakolola, mukamaliza nyumba, mtima ukadzakhala pansi. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Fulu angathe kudikira, poti zaka zake n'zambiri. Mwana sadikira, amakula. Wolokani sabata ino, ngakhale chimanjamanja, wina akadaima padooko.