Njinga ya a Chimkwita ndi nkhuyu yofiira

Ana inu, mwambi sugwa kumwamba ngati matalala, uliwonse uli ndi khomo limene unabadwira. Uwu wa lero anthu a kwa Kanyenda amalumbira kuti unabadwira pansi pa mkuyu wa a Chimkwita, ndipo ine sinditsutsana nawo.

A Chimkwita anali ndi njinga yamoto yofiira, imodzi yokhayo m'mudzi monse. Eee, bambo amenewo ndi njinga yawo! Ankaipukuta m'mawa, masana n'kuipukutanso, mpaka atambala ankamenyana ndi zithunzi zawo pa thanki. Koma msewu wa kumeneko ndi wa katondo, mvula ikayamba umaterera ngati therere. Choncho njingayo inkalowa m'nyumba mu Disembala n'kudzatuluka mu Epulo.

Chaka china mwana wawo Esinati anali woyembekezera, ndipo kusikelo anamuuza kuti masiku ake adzakwana mu Epulo. Mayi ake, Nasiketi, mtima sunali m'malo. Iwo mwana wawo woyamba anamutaya pa ngolo, ng'ombe zikukwawa ndi ulendo wa kuchipatala, ndipo chisoni chimenecho sichinawachoke. Analumbira kuti Esinati sadzakwera ngolo.

Tsiku lolowetsa njinga, Nasiketi pochapa anaona kuti buluku la amuna awo lili ndi matope mpaka m'ntchafu. Anasiya zochapazo n'kupita pansi pa mkuyu pamene a Chimkwita ankapukuta magalasi a njinga.

"Abambo ake Esinati, dzulo munawolokera pati?"

"Pamtsinje pompo. Bwanji?"

"Madzi ofika m'ntchafu mwanu ndiye kuti injini inamira. Tatsegulani tione oyilo."

A Chimkwita anaseka mpaka kutsokomola. "Ha! Mwayamba liti umakaniko, mayi? Taonani mmene ikuwaliramu. Njinga yodwala imaoneka chonchi?"

"Ine sindikufunsa za khungu lake, ndikufunsa za m'mimba mwake."

"Zachabechabe zimenezo. Chokani ndilowetse, mvula ikubwera."

Nasiketi anamanga chitenje chawo zolimba, n'kukakhala pakhomo penipeni, miyendo tambasu. Mitambo inali itada kale bii, mphepo ikugwetsa nkhuyu pabwalo.

"Mundiponde kaye," anatero. "Njinga iyi silowa muno ndisanaone oyilo ndi maso angawa. Ndinaika mwana mmodzi chifukwa cha ngolo. Mdzukulu wanga sindimuika chifukwa cha manyazi anu."

Mawu amenewo anawalasa a Chimkwita, pakuti mwana uja anali wawonso. Anatenga sipanala mwakachetechete, natchera beseni lakale pansi pa injini, n'kumasula bawuti. Ana inu, oyilo wabwino amakhala ngati uchi, akakalamba amada. Koma amene anatuluka apo anali wotuwa ngati thobwa, madzi okhaokha!

"Mayo ine," anatero a Chimkwita, atagwira pakamwa. "Miyezi inayi madzi amenewa ali m'kati, dzimbiri likanadya injini yonse."

Nasiketi anatola nkhuyu imodzi yofiira bwino, yoti aliyense n'kuimezera malovu. Anaibanthula pakati n'kuwaonetsa amuna awo. M'kati munali nyerere zokhazokha, zili piringupiringu.

"Nayi njinga yanu," anatero. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

Ntchito anaigwira awiri, mvula ikuwawaza. Anathira oyilo watsopano, kuliza injini, kumukhuthula, n'kuthiranso wina kuti madzi onse atuluke. Anapaka girizi pa tcheni, anachotsa batire, natseka paipi ya utsi ndi kansanza kuti makoswe asamangemo chisa. M'nyumba anaikhazika pa njerwa kuti matayala asagone pa chinyontho.

Epulo asanafike pakati, m'mawa wina Esinati matenda anamuyamba, kutatsala masabata awiri kuti masiku ake akwane. A Chimkwita anatulutsa njinga, anabwezera batire, n'kuchotsa kansanza kaja. Anaponda kamodzi, zii. Nasiketi anangotseka maso. A Chimkwita anapondanso, injini n'kubangula! Anakwera atatu, Esinati pakati, mayi ake atamugwira kumbuyo. Dzuwa lisanafike pamutu, kamtsikana kanalira m'manja mwa anamwino, ndipo a Chimkwita, akuluakulu aja, anakhala pansi pambali pa njinga yawo n'kulira ngati mwana.

Ndiye mukamva akulu akuti, "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," akukuuzani kuti maso amathera pakhungu. Chinthu chikhoza kuwala kunja chikuwola m'kati, kaya ndi katundu, kaya ndi mnzanu wa mawu ozuna. Musanachidalire, tsegulani muone, ngakhale ena akusekeni. Kamtsikana kaja lero n'kamtsikana kakakulu, ndipo nkhuyu sikadya kasanaibanthule.