Gologolo ndi Tenda ya Chingwe cha Ulalo

"Kho! Kho! Kho! Ine kuchokera kutaaali, tsidya la nyanja yamchere! Ine kugulitsa chingwe nambala wani!"

Ameneyotu ndi Gologolo, abale anga: zigoba za mtedza kuphazi ngati nsapato, thupi lonse mbuu ndi phulusa, mchira ataupindira m'jekete, mawu akutulukira m'mphuno.

Inamutuma ndi njala. Boma la nyama linkafuna chingwe chomangira ulalo mvula isanagwe, ndipo wopambana tenda akanadya m'nkhokwe ya boma dzinja lonse. Lamulo linkati ogulitsa apikisane atatu, akunja ololedwa. Dzulo lake Gologolo anali atabwera monga iye mwini, ndi chingwe cha luzi la mombo chopota bwino. A Njati, apampando a komiti yogula, sanachikhudze n'komwe.

"Zakonkuno? Iwe tinakuona ukukwawa, mamina ali mbwee! Choka apa!"

Lero chingwe cha luzi lomwelo, atangochipaka mafuta a nsatsi, a Njati anachilandira ndi manja awiri, natembenukira kwa a Mvuu, alembi a komiti.

"Imvani fungo, a Mvuu! Zakunja sizinama. Bwana, khalani pampando wangawu."

Koma ogulitsa atatu anali asanakwane: panali Gologolo wokanidwa uja ndi waphulusayu basi. M'mawa mwake Gologolo anadzola makala, nabweranso ndi chingwe china cha luzi lomwelo: "Gwa! Gwa! Ine kuchokera kutali kuposa uja!" A Mvuu mpaka anagwada, nthaka n'kugwedezeka. Ife kwathu kuno tikangomva kuti chinthu chakwera ndege, ngakhale chisanza timachivulira chipewa.

"Mawa tilengeza wopambana," anatero a Njati. "Lamulo likuti nonse atatu muime pamodzi pabwalo."

Mayo ine! Kutacha Gologolo analowa kuseri kwa chulu, natuluka woyera. Analowanso, natuluka wakuda. "Mnzanga uja m'mimba kumuvuta, bwana!" Kulowa, kutuluka, kulowa, kutuluka, thukuta kamukamu, mpaka anatulukira ali mawangamawanga ngati nkhanga, nsapato imodzi, mchira uli panja pekupeku.

Gologolo maso ali kumtengo wothawirako.

A Mvuu anatsokomola. "Apampando, tilengeze kuti wapambana ndi wa dziko liti?"

A Njati anatola chingwe chimene anachikana chija, nachikola kunyanga. Anakoka mpaka maso psuu. Osaduka. Anayang'ana zingwe zinazo, zofanana ngati ana a mimba imodzi, napumira m'mwamba.

"Nenani kuti Gologolo, mwana wa kuseri kwa chuluku. Anzanga, tisanamizane, chingwe sitinkachiyesa ayi. Ife tinkamvera nsapato."