Zakeyo ndi Matope a ku Mtapo

Kalekale, kale lenileni, kunali mayi woumba miphika, dzina lake Nankhoma. Miphika yake inali miphika. Wina unagwa kuchokera pa denga, koma unasweka ndi mwala wapansi, osati mphikawo.

Nankhoma anali ndi msuweni wake, Zakeyo, amene anakhalitsa ku Halale. Pobwera anabwera ndi chipewa, nsapato zoyera, ndi buku la Chingerezi. Bukulo kukula kwake, linkakokedwa ndi ng'ombe ziwiri.

Tsiku lina anapeza Nankhoma akukanya dothi.

"Asuweni, dothi lanulo latani?"

"Lafewa."

"Nanga papaya wakupsa?"

"Wafewa."

"Mwaona umphawi wa chilankhulo chanu! Zonse kufewa, kufewa. Azungu ali ndi sofiti, mashi, siponji, jeli, palupu. Mawu asanu, mayi!"

Nankhoma anati, "Mawa mutiperekeze ku mtapo, kumene timakumba dothi. Mukatiphunzitse konko."

M'mawa ananyamuka. Nankhoma ndi amayi anzake patsogolo ndi madengu, Zakeyo pambuyo ndi nsapato zake. Buku anasiya, ng'ombe zinatopa.

Anafika kudambo. Nankhoma anagunda pansi ndi chala chakuphazi.

"Apa m'ponanda. Pondani."

Amayi anaponda, anadutsa.

Anagundanso. "Apa m'pa petepete. Thamangani."

Amayi anathamanga, anadutsa.

Anagundanso. Pansi ponse panagwedezeka ngati phala lozizira m'mbale.

"Apa m'ponjenjemera. Pamameza ng'ombe. Zungulirani."

Amayi anazungulira. Koma Zakeyo anaseka.

"Ameneyo ndi jeli chabe! Ku Halale tinkadya ndi supuni."

"Asuweni, ameneyo sadyedwa. Amadya ndi iye."

Zakeyo anaponda. Phwa! Mpaka m'maondo.

"Sofiti pang'ono," anatero.

Anagunda miyendo. Phwa! Mpaka m'chiuno.

"Mashi," anatero, mawu ayamba kuchepa.

Anagundanso. Phwa! Mpaka m'khwapa. Achule anasonkhana kudzaonera, ena anabwera ndi ana awo.

Pamenepo Chingerezi chinauluka.

"Mayo ine! Asuweni, ndikufa!"

Nankhoma anatula dengu.

"Ha, mwakumbuka kwanu? Lekani kugunda miyendo! Tambasulani manja, gonani chagada ngati dzungu."

Zakeyo anagona chagada ngati dzungu.

Amayi anathyola bango, anayala pa matope. Anathyolanso, anayalanso. Nankhoma anakwawa chamimba, dzanja patsogolo likufufuza. Ponanda, anatsamira. Ponjenjemera, anapewa. Mpaka anafika pafupi, n'kuponya zitenje zitatu zolumikiza.

"Musanagwire, ndiuzeni. Kumanja kwanuko kwatani?"

Zakeyo anakhudza. "Kukunjenjemera."

"Nanga kumanzere?"

"Kukunanda, asuweni, kukunanda!"

"Gubudukirani komweko. Mwayamba sukulu lero."

Amayi anakoka. Anakoka, anakoka. Fwoo! Zakeyo anazuka ngati chinangwa, ndipo phokoso lake linamveka midzi inayi. Nsapato zoyera zinatsala pansi. Akuti zikumirabe.

Atafika kumudzi, Zakeyo anakhala pansi pafupi ndi miphika, ali matope okhaokha, maso okha kuyera.

"Asuweni, alipo angati mawu anuwa?"

"Sitinawerengepo. Pali kunanda kwa therere, pali kusungunuka kwa dzungu m'kamwa, pali kunyenyeka kwa mbatata yophika, pali kuphwanyika kwa suku pakati pa zala. Mukafuna onse, bwerani ndi ng'ombe zinayi."

Kuyambira tsiku limenelo Zakeyo ankanyamula dengu la Nankhoma popita ku mtapo, wopanda nsapato, chala chakuphazi patsogolo. Mawu asanu aja anatola ndi achule. Pita kudambo nthawi ya dzinja ukamve wekha, akungoti, "Mashi! Mashi! Palupu!" Ndipo mpaka lero sanatulukemo m'matope.

Ndiye iwe, mawu a eni ake phunzira, si oipa ayi. Koma dothi la kwanu, funsa amene amaliponda.

Apa ndiye pamene yathera nthano yanga.