Mphindi Khumi za ba Kalumba

Pamsika wa ku Matero mu Lusaka panalibe amene sankakadziwa kabasi koyera ka bana Mwiche, amake a Mwiche. Kanali kakale, kochotsa mipando yam'mbuyo, konunkha zitosi mpaka pachiwongolero, koma ndiko kankadyetsa banja lonse. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse mayiwo ankakayendetsa okha kupita ku mafamu a ku Chongwe kukapikula nkhuku zoyera, n'kudzazigulitsa zamoyo pamsika. Kabasiko anakagula ndi ndalama zimene kampani ya kuntchito kwa amuna awo inapereka iwo atamwalira, ndipo analibenso chinthu china chamtengo padziko lino. Lendi ya nyumba ku Lilanda, fizi ya mwana wawo Mwiche ku koleji, ufa ndi makala, zonsezi zinkachokera m'matayala anayi amenewo.

Tisawanamizire, mayiwa sanabadwe ouma mtima. Amakanika ndiwo anawaumitsa. Wina anawalipiritsa mabuleki atsopano, chonsecho anangopukuta akale omwewo n'kuwabwezeramo. Wina anawapopa petulo m'thanki kabasi katagona pagalaji pake. Mkazi wamasiye akalowa pagalaji, anyamata ena amaona ngati Khirisimasi yafika msanga. Ndiye bana Mwiche anadziikira lamulo: adzalipira zokhazo zimene maso awo aona. Ankakhala pachigubu pafupi ndi galimoto, mikono atapinda, kuwerenga thukuta la makanika. Thukuta likachuluka, chikwama chinkatseguka. Likachepa, pakamwa ndi pamene pankatseguka.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, singano yosonyeza kutentha kwa injini inayamba kukwera. Madzi akathira m'mawa, pofika masana atha. Mnzawo wogulitsa tomato anawalozera kwa ba Kalumba, mdala wa imvi amene anakonza mabasi a kampani zaka makumi atatu asanatsegule kagalaji kake kuseri kwa msika. Ba Kalumba sanali munthu wa nkhani, ndipo nkhope yawo sinkaitana alendo. Chimenecho chinali chilema chawo, tivomereze.

Bana Mwiche anagula chimanga chootcha panjira, n'kukhala pachigubu monga mwa mwambo wawo. Mdalayo anawauza kuti alize injini. Anaima chilili, mutu atapendeketsa, kumvetsera. Kenako anawerama n'kununkhiza, analowetsa dzanja kuseri kwa injini kumene diso silifika, n'kulitulutsa lili lonyowa. Anatenga kachitsulo komangira paipi m'chitini, anakamanga, anathira madzi, n'kupukuta manja. Mphindi khumi sizinakwane bwino.

"Ni zingati?" anafunsa bana Mwiche.

"K300, amai."

"Mwati bwanji? K300 pa kansimbi kamozi? Onani, na chimanga changa sininasilize kudya!"

"Kansimbi ni K20," anatero ba Kalumba osakweza mawu. "Yosala ni ya kupeza pamene pali vuto osagwetsa injini yanu pansi. Manje mvelani. Ija paipi yaola. Ine namangako chabe kuti muyendeko masiku ang'ono. Mukagule yeniyeni mutauni, mubwele nayo, nizaikamo mahala, osalipila. Koma osazengeleza, ni Okutobala uno."

Bana Mwiche anaseka kuseka kopanda mano. Nyimbo imeneyi anali ataimva kambiri. Makanika akakuuza kuti ubwerenso, ndiye kuti wakuikira mbedza pakamwa. Mtima unawawawa, unawawa ndithu, pokumbukira nkhuku zingati ayenera kukolopera zitosi kuti K300 ikwane, pamene mdala uyu waipeza malaya ake osada n'komwe.

"Ba Kalumba, muli na imvi koma mulibe nsoni," anatero mokweza kuti amene ankadutsa amve. "Mwaona mukazi alibe mwamuna, mwati apa tadya. Ine nilipila nchito, sinilipila kununkhiza."

Anaponya K100 patebulo la masipanala. Mdalayo anaiyang'ana, n'kuikankhira kwa mwini wake ndi chala chimodzi.

"Tengani, muonjezele pa paipi."

Munthu wina akanamva manyazi pamenepo. Bana Mwiche anaona kupambana. Anatola ndalama yawo n'kupita, ndipo tsiku lomwelo msika wonse unamva kuti mbala yokalamba yagwidwa masana, mpaka yabweza ndalama chifukwa cha manyazi. Anauza ogulitsa tomato, anauza oyendetsa mataksi amene ankadzagula nkhuku, anauzanso amayi a kutchalitchi. Pakamwa pa bana Mwiche pankakhulupiriridwa, poti anali munthu wosabera pamalonda. Mataksi awiri atatu amene ankakonzetsa kwa ba Kalumba anayamba kudutsa pachipata chawo osaima.

Paipi ija sanaigule. Agulirenji, poti wowatuma anali mbala? Patapita sabata ndi theka singano inayambanso kukwera, ndipo m'malo mokumbukira mawu a mdala, mayiwo anawomba m'manja kuti umboni wapezeka. Anatenga kabasi ulendo wa ku George, kumene anamva kuti kuli makanika wamphamvu dzina lake Given.

Given ankagwirira ntchito pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, ndipo lilime lake linali lothira shuga. Anawapatsa mpando weniweni, osati chigubu. Atatsegula injini anagwira pamutu n'kuimba mluzu ngati wamva uthenga wa maliro.

"Mami, mwachita mwayi kufika kuno. Uja mudala anakuseweletsani. Iyi ni nchito yaikulu, ifunika masiku atatu."

Mawu amenewa anawafika pamtima bana Mwiche. Masiku atatu! Apa ndiye panali ntchito yooneka ndi maso. Tsiku lililonse ankabwera kudzakhala pampando uja, ndipo Given sanawakhumudwitse. Anayala zitsulo pathumba, mabauti uku, mapaipi uko. Ankalowa pansi pa kabasi n'kutuluka ali bii ndi oilo mpaka m'zigongono. Ankatsuka chitsulo chilichonse m'petulo, kuchiunika padzuwa, kupukusa mutu, kubuula. Thukuta linkachita kuyenderera m'khosi. Tsiku lachitatu anati K2,500, ndipo mayi amene anakana K300 anawerenga ndalamazo mosanyinyirika, n'kuwonjezerapo nkhuku imodzi yoyamikira.

Ndipo zoonadi singano inagona. Pachikweza inagona, pamzere wa magalimoto m'tauni inagona, dzuwa lili paliwombo inagonabe. Bana Mwiche ankaitana anzawo kuti adzasuzumire pawindo.

"Mwaona? Uyu ndiye makanika. Ndalama yanga yagwila nchito."

Lachisanu lotsatira anapikula nkhuku mazana awiri, zochuluka kuposa masiku onse, poti kunali kutha kwa mwezi ndipo anafuna kubweza zimene anawononga pagalaji. Mpamba wonse unalowa m'nkhuku zimenezo. Anatuluka pafamu cha m'ma leveni, kunja kukutentha ngati m'ng'anjo. Atayenda kamtunda anamva kafungo ka chinthu chopserera. Anayang'ana singano, ili gone. Anati mwina ndi anthu akutentha tchire. Kabasi kanayamba kulemera pokwera, iwo n'kuponda mafuta kwambiri. Anayang'ananso singano, ili gone. Kenako m'injini munamveka kugogoda ngati munthu akusula khasu, utsi woyera unabuka pansi pa mpando, ndipo kabasi kanazima pakati pa chigwa chopanda mtengo ngakhale umodzi.

Amene anawetapo nkhuku zoyera akudziwa kuti sizipirira kutentha. Galimoto ikamayenda mphepo imazipulumutsa, ikaima zimayamba kupuma ndi kukamwa. Bana Mwiche anatsegula zitseko zonse, anavula chitenje n'kumazikupiza, anazithira madzi akumwa amene anali nawo m'botolo. Zinayamba kugwa imodziimodzi, makosi atawongola. Anaimbira Given. Foni inaitana kawiri, kachitatu inali yozima. Anthu amene anaima kuti athandize anayamba kufunsa mtengo, wina K30, wina K20, nkhuku imene mayiwo anali ataigula kuposa pamenepo kangapo. Anagulitsa akulira, poti yakufa sakanaigulitsa n'komwe. Pamene lole ina inavomera kuwakoka, nkhuku zoposa theka zinali zitauma.

"Tipeleke kuti?" anafunsa dalaivala wa lole atalowa m'tauni.

Ku George bana Mwiche sakanapitako, mtima unali utawauza kale. Dzina limene linatsala linali lowawa kulitchula.

"Ku Matero, kuseli kwa maliketi. Kuli ba Kalumba."

Anafika dzuwa litapendeka. Pagalaji panalibe galimoto ina, mdalayo anali atangokhala pabenchi. Sanaseke, sananene kuti ndinakuuzani. Anatsegula injini, fungo la chitsulo chopsa n'kuwawomba kumaso. Analowetsa dzanja pamalo omwe aja n'kutulutsa paipi itang'ambika kuyambira uku mpaka uko. Inali yomwe ija yakale, Given anangoitsuka kunja. Kenako anafufuza pang'ono n'kukoka kawaya kolendewera, kokulunga tepi wakuda kumapeto.

"Iyi waya ndiye iuza singano kuti injini yapya," anatero. "Anaichosa. Motoka siinapole, amai. Anangoitseka pakamwa kuti isalile."

"Nanga masiku atatu yonse anali kuchita chani?" Mawu a bana Mwiche anatuluka ngati a munthu wodwala.

"Anali kusuka mabauti kuti imwe muone."

"Ingakonzeke?"

Mdalayo anapukusa mutu. Injini inali itapsa mpaka kupindika. Anatchula mtengo wa injini ina yogwirapo kale ntchito, ndipo mtengowo unali woti ngakhale nkhuku zonse mazana awiri zikanafika zamoyo, sukanakwana. Bana Mwiche anakhala pansi padothi la oilo osasamala chitenje. Manyazi anawagwira kuposa chisoni. Anamasula kachikwama n'kutulutsa K300 mwa ndalama za nkhuku zogulitsa panjira zija.

"Ba Kalumba, ninalakwa. Tengani ndalama yanu."

"Sungani, muzafuna ya minibasi," anatero mdalayo. "Ndalama siinanibabe. Chinanibaba ni zina langa. Zaka fote nagwila sipanala, kulibe ananiitanapo kawalala, wakuba. Imwe munaniitana pa maliketi yonse, na bantu banamvela. Onani pano, muona motoka ingati?"

Bana Mwiche anayang'ana bwalo lopanda kanthu lija.

Kabasi anakagulitsa kwa anyamata a masipeya, amene anakaphwasula tsiku limodzi ngati mbuzi ya pamaliro. Ndalama zake zinathera ku lendi ndi ufa. Mwiche anabwerako ku koleji chaka chisanathe, ndipo lero amathandiza amake pamsika, pamene amagulitsa nkhuku khumi patsiku zopikula kwa anzawo amene kale ankapikula kwa iwo. Anayesa kuyenda benchi ndi benchi kukonza dzina la mdala uja, koma bodza limathamanga, kupepesa kumayenda ndi ndodo. Ena anamva, ambiri anali atazolowera kale magalaji ena. Given yekha ndiye sanataye kanthu. Akadali pansi pa mtengo wake ku George, ali bii ndi oilo, ndipo magalimoto amachita mzere, poti anthu ogula thukuta sadzatha mu Lusaka muno.

Amakanika akuba alipo, ambirinso, ndipo amene amafunsa mtengo kawiri sanalakwe. Koma pali ntchito zina zimene zimaoneka zazing'ono chifukwa choti wozigwirayo anazivutikira kalekale, inu musanagule n'komwe galimoto. Dzanja limene limapita molunjika pamene pali vuto linapsa kambiri lisanaphunzire njirayo. Bana Mwiche anaona mdala akununkhiza injini n'kumuyesa waulesi, anamva chenjezo lake n'kuliyesa msampha, ndipo anazindikira atakhala padothi zimene akuluakulu ananena, kuti galu wamkota sakandira pachabe.