Mpando wa Uchi

Kalekale, mafoni a m'manja asanabwere, maiko oyandikana ankakumana chaka ndi chaka kukambirana za malonda. Ankakamba za fodya, shuga ndi tiyi basi. Lamulo lawo linali lakuti nkhani yatsopano siilowa pa mndandanda wa zokambirana pokhapokha maiko onse atavomera.

Mayi Nachisale ankaweta njuchi. Tsiku lina atafika pachipata cha m'malire, alonda a tsidya linalo anakhuthulira uchi wawo wonse m'ngalande, ati panalibe pangano lololeza uchi kuwoloka. Mayiwo sanalire. Anayenda mudzi ndi mudzi kusonkhanitsa alimi anzawo, nakakhala nawo pakhomo la unduna ndi zigubu zopanda kanthu mpaka nduna inatuluka.

"Bwana, fodya mumamulankhulira. Nanga uchi ndi wamasiye?" anafunsa Mayi Nachisale.

Nduna inapereka nkhaniyo kwa Bambo Kachingwe, nthumwi ya dziko lathu, koma mwamphwayi. Anzawo a mu ofesi anawachenjeza kuti, "Achimwene, mukatichititsa manyazi. Uchi ndi wa azimayi a pamsika." Iwo anakaitulabe nkhaniyo ku msonkhano wa maiko uja. Nthumwi zina zitanena kuti imeneyo ndi nkhani ya zaumoyo, osati ya malonda, a Kachingwe anazungulira nthumwizo imodziimodzi, ndipo pofuna kukopa dziko lina anasiya pempho lawo la shuga limene analikonzekera chaka chonse. Kwawo anawadzudzula kwambiri. Maiko anavomera, kupatula limodzi.

Limenelo linali dziko lomwe linataya uchi lija. Nthumwi yake, Mayi Zulu, inatumidwa kudzakana, chifukwa eni makampani a uchi kwawoko sankafuna opikisana nawo. Wapampando atafunsa ngati alipo wotsutsa, mayiwo anayang'ana pansi.

"Kuvomera kukambirana si kugonja. Ilowe," anatero Mayi Zulu.

Atabwerera kwawo anawachotsa ntchito.

Uchi unalembedwa pa mndandanda. Msonkhano unagamulanso kuti chaka chotsatira padzakhale mpando umodzi wa munthu wodzatsegulira nkhaniyo, ndipo ukhale wa amene anailowetsa.

"Ndikanapanda kufuula, akanamva ndani?" anatero Mayi Nachisale.

"Mfuu wa panja sulowa wokha m'chipinda," anatero Bambo Kachingwe.

Mayi Zulu anangoti, "Ndikanati ayi, bwenzi nonse muli panja."

Mpando ndi umodzi, ndipo atatu sangakhalepo. Inu mwamva nkhaniyi, tiuzeni: akhalepo ndani, amene anafuula, amene ananyamula, kapena amene anatsegula chitseko?