Nkhwali ndi Njere za Gologolo

Kunali Nkhwali, kunali Gologolo, kunalinso Nungu, onse alimi a m'mbali mwa phiri la Chitungwi. Nyama za kumeneko zinali ndi chiphaso cholima chamba chopangira mankhwala, ndipo wogula wake anali mmodzi yekha, Dokowe. Nkhwali anali mayi wa nkhawa, woti tsamba likangogwa kumbuyo kwake mtima unkachita phaa. Gologolo anali waphuma, Nungu wochedwa pa chilichonse, ndipo awiriwa sankamwerana madzi chifukwa onse ankagulitsa njere.

Tsono chamba, mukudziwa inu, chili ngati mapapaya: pali chachimuna, pali chachikazi. Dokowe ankafuna maluwa a chachikazi okhaokha, opanda njere ngakhale imodzi, poti ndiwo amakhala ndi mafuta a mankhwala. Koma mtengo umodzi wokha ukatulutsa mungu, mphepo imauwaza m'minda yonse, maluwa n'kudzaza njere, Dokowe n'kubwerera ngolo ili gwaa. N'chifukwa chake alimi onse a kumeneko anapangana kuti amene munda wake udzawononge ya anzake, adzamung'ambira chiphaso.

Munda wa Nkhwali ndiwo unali pamwamba penipeni, kumene mphepo ya masana inkayambira. Chaka choyamba anabzala njere wamba, theka la munda n'kumera chachimuna. Anazula mpaka msana kuuma, tsiku ndi tsiku ali njenjenje kuopa kuti wina wamuphonya. Choncho mitambo ya chaka chachiwiri itayamba kusonkhana, anathamangira kwa Nungu.

"Odi, bambo Nungu! Ndamva muli ndi njere zomera zazikazi zokhazokha."

"Ndidzakhala nazo," anatero Nungu osatukula mutu. "Sizinakhwime. Mubwere pakatha milungu itatu."

"Itatu? Kumwambaku simukuonako? Anzanga adzabzala ine ndili chikhalire!"

"Ndiye abzale."

Nkhwali anayang'ana kuseri kwa nyumba, n'kuona mzere wa mitengo ya chamba yofota, yomanidwa madzi, dzuwa likuiwamba. Nungu anaisuzumira umodziumodzi, kenaka anazula wina n'kuuponya kudzala.

"Nanga mitengo mukuizunziranji chonchi, bambo?"

"Ndikusankha amayi a njere za chaka chamawa. Ndimawafunsa mafunso. Uyo wayankha molakwa."

Nkhwali anachoka akupukusa mutu, chamumtima akuti ukalamba wawafika m'mutu a Nungu. Sanayende patali, Gologolo uyu balamanthu panjira, thumba lili paphewa.

"Mlongo! Nkhope yagwa chonchi, kwagwanji? Usandiuze, wachokera kwa mdala wa minga uja. Taona izi, zazikazi zokhazokha, lero lomwe. Ukadzapezamo chachimuna chimodzi, udzandidule mchira."

"Zoona, achimwene? Mukudziwa munda wanga pamene uli."

"Mchira, ndati! Ndili ndi michira ingati ine?"

Kutali kunagunda bingu. Nkhwali anapereka dengu la mtedza, n'kulandira njerezo.

Ndipo abale, zinamera! Munda wonse biriwiri, ndipo nthawi ya maluwa itakwana sipanapezeke chachimuna ngakhale chimodzi. Mbira ndi Nkhanga, amene minda yawo inali m'munsi mwake, ankakwera kudzasirira. Nkhwali ankangoseka ndi mlomo wokha, koma m'bandakucha uliwonse ankayenderabe mizere yonse, kutembenuza nthambi iliyonse, poti mtima wake sunkadziwa kukhala pansi.

Kenaka mwezi wa February mvula inadula. Sabata imodzi, ziwiri, zitatu, kumwamba kuli mbee, nthaka ikuotcha mapazi. Tsiku lina m'mawa Nkhwali anatembenuza nthambi, n'kuona pakati pa maluwa achikazi timatumba tachikasu, ngati tinthochi tating'onoting'ono. Anatidziwa bwino: m'menemo ndimo mumakhala mungu. Anapita pa mtengo wachiwiri, tilipo. Wachitatu, tilipo. Tinali tisanatseguke, koma tinali titatupa.

Anathamanga osaona njira mpaka kwa Gologolo, amene anamupeza akukazinga mtedza womwe uja.

"Achimwene, mitengo yanga ikutulutsa mungu!"

"Yachimuna?"

"Ayi, yachikazi yomweyo, koma..."

"Ndiye mchira wanga usauyang'ane choncho. Ndinati zazikazi, zamera zazikazi."

"Koma munazipanga bwanji njerezi?"

Gologolo anadziguguda pachifuwa. "Nzeru, mlongo! Chaka chatha kutatentha, mtengo wanga wina wachikazi unangotulutsa wokha mungu. Ndinati mwayi sudziwika, n'kuwaza munguwo pa akazi anzake. Mayi wamkazi, bambo wamkazi, ana angakhale chiyani?" Kenaka anatsitsa mawu. "Kwanganso tatuluka timeneto. Iwe ingothothola mwakachetechete. Ukauluka, mungu suyenda ndi dzina la mwini wake."

Nkhwali anatuluka mutu uli ziii. Mawu a Gologolo ankamukomera, komanso ankamuwotcha. Mapazi okha ndiwo anamutengera kwa Nungu, kumene anafotokoza zonse.

Nungu anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anausa moyo. "Make mbuu, mwana mbuu, mayi. Mtengo umene unatembenuka chifukwa cha dzuwa wabereka ana otembenuka ndi dzuwa. Ndiye mafunso aja munandipeza ndikufunsa. Ndimawamana madzi dala, wotembenuka ndimataya, wopirira ndiye amakhala mayi. Mungu wobereketsa njere ndimachita kuunyengerera kuti utuluke pa kanthambi kamodzi ka mtengo wopirirawo, m'kanyumba kotseka, ndipo zimenezo sizithamanga."

"Nanga ndikangothothola timatumbato?"

"Muthothola khumi lero, mawa tituluka makumi atatu. Muli ndi maso angati?"

"Ndiye nditani, bambo? Munda wanga ndi womwewo!"

Nungu anakweza mutu n'kuyang'ana dzuwa. "Mphepo imayamba likafika paliwombo," anatero.

Nkhwali anabwerera kumunda n'kuima pakati pake. Mitengo inali yomupitirira msinkhu, maluwa akununkhira, kutangotsala mwezi kuti Dokowe abwere. Akakhala chete, mwina palibe akanadziwa. Koma mwina akanadziwa, chiphaso n'kung'ambidwa pamaso pa onse. Anayang'ana kumunsi, n'kuona Mbira atawerama m'munda mwake akupalira, akuyimba kanyimbo, osadziwa kanthu.

Anagwira mtengo woyamba, n'kuuzula pang'onopang'ono kuti timatumba tisaphulike. Anakumba dzenje, n'kuuika m'menemo. Wachiwiri anazula akulira, wachitatu chimodzimodzi, uku akuponya diso ku dzuwa limene linkakwera ngati likuchita dala. Miyala inamucheka miyendo mpaka kufiira, iye osaimva.

Ali pakati pa munda, anamva kuswaya kumbuyo. Anali Nungu, khasu lili paphewa, wanyamuka kalekale koma wangofika kumene.

"Mukadali pomwepa?" anatero Nungu. "Ndimayesa aliwiro ndinu."

Awiriwo anagwira ntchito limodzi. Atakwirira mtengo womaliza n'kupondaponda dothi, udzu wa m'malire unayamba kugwedera. Mphepo inadutsa pamunda wopanda kanthu, n'kutsetsereka kwa Mbira ndi Nkhanga ili yoyera.

Nkhwali sanapume. Anakwera pachulu n'kufuula mpaka mawu kusasa kuti aliyense amve za njere za Gologolo. Alimi anathamangira kumunda wa Gologolo, kumunsi kwenikweni m'mbali mwa dambo, n'kumupeza ali jijirijijiri kuthothola, mphuno ili chikasu ndi mungu. Kumeneko timatumba tinali titatseguka kale, ndipo mizere isanu ya munda wa Nkhanga woyandikana nawo inali itawonongeka. Chiphaso cha Gologolo anaching'amba pomwepo, ndipo wina atatchula za mchira, Gologolo anathawira mumtengo. Mpaka lero saukhazika pansi mchirawo, amangougwedeza kuti aone ngati ukadalipo.

Nkhwali chiphaso chake chinatsala, koma chaka chimenecho sanakolole kanthu. Ngolo ya Dokowe inadutsa pakhomo pake osaima, ndipo iye anadyera kukunkha m'minda ya anzake, amene ankamusiyira dala ngala za mapira m'mizere. Mitambo itasonkhananso anapita kwa Nungu, n'kumva mawu omwe aja, milungu itatu. Anakhala pansi n'kudikira, ngakhale bingu lililonse linkamudumphitsa.

Njere zimenezo zinapirira dzuwa, Dokowe n'kudzaza ngolo. Koma nkhawa ija sinamuchoke Nkhwali. N'chifukwa chake mukalawira kumunda mumamupeza wafika kale, miyendo ili psuu, akuyendera mizere ndi kufuula kuti anzake adzuke akaone mbewu zawo.

Phunziro: Usanagule mbewu, funsa za make, pakuti chimene kholo linachita pa dzuwa, mwana adzachitanso pa dzuwa. Ndipo ukaona kuti cholakwa chako chikupita kwa anzako, chizule msanga mphepo isanayambe.